NDANI KATSWIRI WOPOSA ONSE? MKANGANO WA MPIRA SUZIRALA KU MTENGULENI

Wolemba: Mtolankhani Wathu, Chipata

MUDZI wa Mtenguleni udziwika m'dziko lonse la Zambia cifukwa ca mwambo wa Nc'wala, umene Angoni a Mpezeni anauukitsa m'caka ca 1980, ndipo ucitika kumapeto kwa mwezi wa February caka ndi caka. Koma alendo akabwerera kwao, fumbi la ngoma litakhazikika, m'midzi ya kuno mumatsala nkhani ina imene ilibe nyengo. Imakambidwa pamsika, pacigayo, pamowa, ngakhale pamaliro usiku ukatalika. Nkhaniyo ndi yakuti: kodi mwa anyamata onse amene anavala malaya a timu ya dziko lino, katswiri woposa anzake onse ndani?

Funsoli lioneka laling'ono, koma lagawanitsa bambo ndi mwana wake m'nyumba zambiri. Ndipo pansi pake pagona funso lina lokulirapo, lakuti woyenera kugamula mlandu wotere ndani: akadaulo a mpira, atolankhani, kapena anthu wamba amene amaonerera ndi kucemerera?

MADODA AGWIRA CHITALU

Madoda ambiri amene anakula m'masiku a KK11 safuna ngakhale kumva dzina lina. Kwa iwo katswiri ndi Godfrey Chitalu basi, mnyamata wa ku Luanshya amene anasewerera Kitwe United ndi Kabwe Warriors, amene anapatsidwa dzina lakuti "Ucar" pomufanizira ndi mabatire a wailesi osatha msanga. Chitalu anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa caka m'Zambia kasanu konse: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Timu ya dziko anaimwetsera zigoli 79.

Cocititsa cidwi ndi cakuti ambiri mwa madoda amenewa sanamuone Chitalu ndi maso. Ulendo wocokera ku Chipata kunka ku Lusaka kapena ku Migodi unali wautali ndiponso wodula. Anamuona ndi makutu, atazungulira wailesi imodzi pabwalo la mudzi, pamene malemu Dennis Liwewe anali kuulutsa masewera ndi mau ake aja okwera ngati mtsinje wosefukira. Anyamata a lero amaseka pomva zimenezi, namati umboni wa khutu si umboni. Madoda nawo amayankha kuti khutu la munthu womvetsera bwino limaona kuposa diso la munthu woyang'ana pa lamya uku akuceza.

Mlandu wa Chitalu unafika kubwalo la dziko lonse lapansi mu December 2012. Caka cimeneco Lionel Messi wa ku Argentina anamwetsa zigoli 91, napitirira zigoli 85 zimene Gerd Müller wa ku Germany anamwetsa mu 1972. Pamenepo bungwe la FAZ linadzuka ndi kunena kuti m'caka comweco ca 1972 Chitalu anamwetsa zigoli 107, ndipo anapatsidwa mphoto cifukwa ca nchito imeneyo. Pa masewera amodzi okha olimbana ndi Majantja ya ku Lesotho anamwetsa zigoli 7. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga ciwerengero ca zigoli za m'mipikisano ya m'kati mwa maiko, motero silingatsimikize nkhaniyo. Amene anafuna kutsatira coonadi anayenera kukafukula manyuzipepala akale ndi kuwerenga cigoli cimodzi-cimodzi. Lero bwalo la masewera la ku Kabwe lichulidwa ndi dzina la Chitalu, koma m'mabuku a FIFA zigoli zake 107 mulibe.

Amene ali ndi zaka zapakati agwira Kalusha Bwalya wa ku Mufulira, ndipo umboni wao ngwolembedwa. Pa masewera a Olympic a mu 1988 ku South Korea, Zambia inakwapula Italy zigoli 4 kwa 0, zitatu mwa izo zocokera ku phazi la Kalusha. Caka comweco magazini a France Football anamuchula wosewera wopambana mu Africa yense. Ndege ija itagwa m'nyanja pafupi ndi Gabon pa 27 April 1993, ndi kupha anthu 30, pakati pao osewera 18 ndi Chitalu mwini wake amene anali mphunzitsi wa timu, ndi Kalusha amene anatsogolera timu yatsopano mpaka kumasewera otsiriza a cikho ca Africa mu 1994 ku Tunisia, kumene Nigeria inapambana 2 kwa 1. Tizindikire pano kuti mphoto ya Kalusha ya mu 1988 inacokera m'manja mwa atolankhani. Munthu wamba sanafunsidwe.

PAMENE ANTHU ANAPATSIDWA VOTI

Zinthu zinasintha pamene lamya za m'manja ndi intaneti zinafalikira. Pa 12 February 2012 Chipolopolo inatenga cikho ca Africa mumzinda wa Libreville, pafupi ndi pamene ndege ija inagwera, itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7. Kumapeto kwa caka cimeneco wailesi ya BBC inaika maina asanu pamaso pa anthu kuti asankhe wosewera wopambana mu Africa: Didier Drogba, Yaya Touré, Demba Ba, Younes Belhanda ndi kaputeni wathu Christopher Katongo. Anai oyambawo anali ndi mbiri m'matimu akulu-akulu a ku Ulaya, ndipo Drogba anali atangotenga cikho ca matimu opambana a ku Ulaya ndi Chelsea. Katongo, msilikali amene anakulira mu Green Buffaloes, anali kusewera ku China. Koma mavoti atawerengedwa, Katongo anapeza oposa 40 mwa mavoti 100 alionse, natenga mphotoyo.

M'mwezi womwewo bungwe la CAF, limene limafunsa aphunzitsi ndi akadaulo a matimu a maiko, linapereka mphoto yake kwa Yaya Touré. Caka cimodzi, Africa mmodzi, akatswiri awiri. Otsutsa anati Azambia anangovotera mwana wao. Zimenezo nzoona ndithu, ndipo palibe cocititsa manyazi, pakuti Katongo yemweyo anachulidwa wosewera wopambana pa mpikisano wa cikho ca Africa, ndipo Drogba ndi Touré onse awiri anali m'timu imene inagonja usiku uja ku Libreville.

NKHANI YA KU MAIKO A CISANU

Owerenga athu asaganize kuti mkangano wotere ngwa kuno kokha. Ku Canada ndi ku America kuli masewera ochuka a ice hockey, amene amaseweredwa pa bwalo la madzi oundana. Osewera amavala nsapato zokhala ndi citsulo kunsi kuti azitsetsereka, ndipo ndi ndodo zopindika kumapeto amamenya kampira kakuda kaphwatalala kuti kalowe m'goli. Bungwe lao lalikulu, la NHL, lili ndi mwambo wokonza masewera apadera a akatswiri okha-okha, ndipo kuyambira m'ma 1980 anthu oonerera akhala ndi mbali posankha amene asewere.

Mu 2015 amene anapeza mavoti ambiri koposa onse anali Zemgus Girgensons wa timu ya Buffalo Sabres, mnyamata wolimbikira koma wosawerengedwa pakati pa akatswiri enieni a caka cimeneco. Mavoti ake anapitirira 1,500,000. Cinsinsi cake cinali cakuti kwao ndi ku Latvia, dziko la anthu osakwana 2,000,000, ndipo anthu a kwaoko anavota mobwereza-bwereza monga momwe malamulo anali kulolera.

Caka cotsatira zinafika poipa, kapena tinene kuti pokoma. Anthu ena, poyamba mwanthabwala, anapangana pa intaneti kuvotera John Scott wa Arizona Coyotes, cimphona cimene nchito yake yeniyeni m'bwalo inali kuteteza anzake ndi zibakera. M'masewera oposa 280 anali atamwetsa zigoli 5 zokha. Scott anapambana masankho, nakhala kaputeni wa cigawo cake. Pasanapite masiku ambiri timu yake inamugulitsa ku Montreal, kumene anamutsitsira ku timu yaing'ono ya ku St. John's, ndipo anthu ambiri anaona ngati ndi njira yomucotsera pa masewera a akatswiri. Mfuu unakula kotero kuti a NHL anamulola kusewera. Pa 31 January 2016 mumzinda wa Nashville, Scott anamwetsa zigoli ziwiri, timu yake inapambana, anzake anamunyamula pamapewa, ndipo anthu anamusankhanso kukhala wosewera wopambana wa tsikulo. Pambuyo pake bungwelo linakhwimitsa malamulo kuti wosewera wotsitsidwira ku timu yaing'ono asamalowe nawo masankho otere.

Nkhani ziwirizi zionetsa poyera cimene voti ya anthu imayeza. Imayeza cikondi, imayeza umodzi wa anthu a dziko limodzi, nthawi zina imayezanso mkwiyo wa anthu pa akulu-akulu oyendetsa masewera. Luso la wosewera limabwera pambuyo. Komanso akadaulo asadzitame kwambiri, pakuti iwonso maso ao amakhala ku matimu a ndalama a ku Ulaya, ndipo mnyamata wosewera kutali ndi makanema akulu-akulu samuona kawiri-kawiri.

VOTI YA NDANI?

Kwa ife a kumudzi pali mfundo ina yowawa. Amati "anthu asankha", koma anthu ake ati? Voti ya pa intaneti ifuna lamya yamakono, ifuna mayunitsi, ifuna moto wa m'batire, ifunanso malo pamene netiweki igwira. Mlimi wa ku Mtenguleni amene ndalama yake ya cimanga kapena nshawa iyembekezera feteleza ndi zofunika za ana kusukulu sangaitaye pa mavoti a mpira. Mdala amene akumbukira masewera otsiriza a mu 1974 ku Cairo, pamene Zambia inalingana mphamvu ndi Zaire 2 kwa 2 ndi kugonja 2 kwa 0 pobwereza, kawiri-kawiri ndiye amene alibe lamya yotere. Mdzukulu wake wa m'tauni angathe kuvota kangapo asanadye nsima ya masana. Masankho otere akacitika lero pakati pa Chitalu ndi mnyamata aliyense wooneka pa kanema sabata ino, Ucar angathe kugonja, osati cifukwa ca kucepa kwa zigoli, koma cifukwa cakuti mboni zake zambiri zili kumanda ndipo zotsalazo zilibe mayunitsi.

Tsopano mkanganowu walowa ndi kumphala kwa amai. Barbra Banda, kaputeni wa Copper Queens, anamwetsa zigoli zitatu-zitatu pa masewera awiri otsatizana a Olympic ku Japan mu 2021, polimbana ndi Netherlands ndi China, nacitanso cimodzimodzi polimbana ndi Australia mu 2024. M'caka ca 2024 comweco anthu anamuvotera kukhala wosewera wamkazi wopambana wa BBC pa dziko lonse lapansi, ndipo CAF nayo inamuchula wosewera wamkazi wopambana mu Africa. Ulendo uno anthu wamba ndi akadaulo anagwirizana, cinthu cimene sicinacitike pa Katongo. Amai amene kale anali kungomvera amuna akukangana pabwalo ali ndi dzina laolao loponya pakati, ndipo madoda ena amasowa coyankha.

Anyamata a ku Chipata nawo ali ndi wao. Fashion Sakala, mwana wa boma lino, anali m'timu ya acinyamata imene inatenga cikho ca Africa ku Lusaka mu 2017, ndipo mu 2021 analowa timu ya Rangers ku Scotland. Zigoli zake za ku Ulaya zinajambulidwa zonse, ndipo mwana aliyense wokhala ndi lamya angathe kuziona mobwereza. Zimene anamwetsa ali mwana pa mabwalo a fumbi a kuno kwathu zili m'mitu ya anzake amene anasewera naye, monga momwe zigoli zambiri za Chitalu zinatsalira m'mitu ya madoda a pa wailesi.