Ngongole yobisa ikudwalitsa alimi ku Lifidzi

LIFIDZI, Angónia. Mwezi wa Febuluwale ndi wobiriwira kwambiri kuno kumapiri, komanso ndi mwezi umene anthu ambiri sagona tulo. Chimanga chili m'munda koma sichinakhwime, nkhokwe zatha, sukulu zatsegulidwa ndipo ana akufuna makope ndi yunifomu. Feteleza amene anathiridwa mu Disembala ndi Januwale anali wa ngongole, ndipo ndalama za fodya, nyemba ndi mbatatesi zidakali kutali.

Pa nthawi imeneyi bambo amapezeka atakhala pakhonde usiku, mayi akudandaula mutu ndi kuthamanga kwa mtima. Ku chipatala amayezedwa malungo koma sapezeka nawo. Akuluakulu amati munthu wotere akudwala maganizo, ndipo sanama. Nkhawa ikakhalitsa imalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya, imafooketsa munthu pa khasu, ndiponso imaputa ndewu m'nyumba pa zinthu zazing'ono.

Anthu a m'malire ali ndi vuto linanso loposa anzawo a ku Tete. Ambiri amagulitsa mbewu zawo kwa ogula ochokera ku Malawi, ku Lizulu kapena ku Dedza, ndipo amalandira makwacha. Mu Novembala 2023 boma la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Amene anasunga makwacha m'nyumba anadzuka m'mawa ndalama yawo itachepa, pamene ngongole ya mametikali inali pomwepo. Mtengo wa feteleza nawo unali utakwera kale mu 2021 ndi 2022. Mlimi wa ku Lifidzi sanalakwe chilichonse pa zimenezi, koma ambiri amadziimba mlandu okha ngati kuti umphawi wawo ndi ulesi.

Chimene chimakulitsa matendawa ndi kubisa. Mwamuna amatenga katapila osauza mkazi wake. Tsiku lobweza likayandikira amatenganso wina kuti atseke woyambayo, kapena amagulitsa chimanga chikadali m'munda pa mtengo wolira. Ena amathawira ku kachasu, ndipo m'mawa amapeza ngongole itakula. Mkazi amadzamva nkhaniyo pamene mwini ndalama wafika kudzamasula mbuzi m'khola.

Mabanja amene amadutsa bwino nyengoyi amayamba ndi kukhala pansi awiri ndi kulemba ngongole zonse pa pepala: kwa yani, zingati, tsiku liti. Ngongole yosawerengedwa imaoneka yaikulu kuposa mmene ilili. Ikalembedwa, banja limaona yoyamba kulipira, yomwe ndi ija yokhala ndi chiwongoladzanja chachikulu, ndi ina imene ingadikire mpaka zokolola. Kenaka amapita okha kwa mwini ndalama tsiku lisanakwane, makamaka pamaso pa mboni kapena anyakwawa, kukapempha nthawi. Wobwereketsa amamvera munthu wobwera yekha kusiyana ndi amene akumuzemba pa msika.

Magulu osunga ndalama nawo amathandiza. Kumwera kwa Mozambique amati xitique, kuno ena amati chipereganyu: aliyense amasonkha, ndipo mmodzi amatenga zonse pa nthawi yake. Palinso magulu a poupança, ofanana ndi banki m'khonde ya ku Malawi, mmene chiwongoladzanja chimabwerera kwa eni gulu pogawana. Phindu lina la magulu otere ndi lakuti munthu amamva kuti anzake nawonso ali ndi mavuto ngati ake. Paja mutu umodzi susenza denga. Koma kubwereka m'magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi ndi katapila yemweyo.

Kuti kuyankhula ndi mankhwala zinaoneka bwino ku Zimbabwe. Kumeneko matendawa amawatcha kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench, yophunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi pa chipatala ndi kumvetsera odwala. Agogowo sapereka ndalama. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankha limodzi lokha, ndi kupeza chimene angachite nalo sabata imeneyo. Njira imeneyi nkhoswe, mkulu wa mpingo kapena mnzake wa munthu angaitsate pansi pa mtengo uliwonse.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira. Munthu akakhala masabata awiri osagona bwino, osadya, akudzipatula, kapena akamanena kuti kuli bwino kungofa, abale asamuseke ndipo asamusiye yekha. Mankhwala ophera tizilombo a fodya, mbatatesi ndi a m'nkhokwe achotsedwe pafupi ndi kutsekeredwa kwa munthu wina. Apite naye ku chipatala chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha ku Ulónguè, ndipo akanene zonse poyera, za ngongole zomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa anthu othandiza pa matenda a maganizo, otchedwa técnicos de psiquiatria, amene amatumizidwa m'zipatala za m'maboma.

Mu Epulo chimanga chidzauma ndipo misika idzatsegulidwa. Banja limene linalemba ngongole zake mu Febuluwale lidzadziwa matumba angati ndi olipira, angati ndi a m'nkhokwe, ndi angati ogulira feteleza wa chaka chamawa.