Madesiki a ku Chama: Cimene Cimasoceretsa Mbali ya Kumanzere pa Pulani ya Pakompyuta

Kucokera mu Januwale 2022, pamene boma linayamba kupereka maphunziro aulere mpaka Giredi 12, masukulu ambiri m'dziko la Zambia analandira ana oculuka kuposa madesiki amene analipo. M'caka comweco ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo makhonsolo analimbikitsidwa kugula madesiki kwa amisiri a kumaloko. Boma la Chama, limene linabwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021 kucokera ku Muchinga, panthawiyo linali ndi madera awiri otere, Chama North ndi Chama South.

Kwa mmisiri wowocherera zitsulo ku Chama, kulakwitsa muyeso kumadula kwambiri. Mapaipi acitsulo amabwera pa msewu kucokera kutali, ndipo paipi yodulidwa molakwika siyibwerera m'sitolo. Ndiye cifukwa cake nchito ya madesiki 100 imafuna pulani yolondola citsulo cisanakhudzidwe.

Masiku ano mapulani otere amajambulidwa ndi mapulogalamu a kompyuta ochedwa CAD, monga AutoCAD, SolidWorks, Inventor, ndi FreeCAD imene ndi yaulere. Wojambula amapanga cidutswa ciliconse pacokha, kenaka amazilumikiza zonse pa kompyuta kuti aone desiki lathunthu. Pa kulumikiza kumeneku pali msampha umodzi umene umakola ophunzira ambiri.

Desiki la ana awiri limaima pa mafelemu awiri acitsulo, ya kumanja ndi ya kumanzere. Ngati tizitsulo togwira matabwa taikidwa cakumkati, mafelemu awiriwo amakhala ngati nsapato: amafanana, koma ya kumanja siyingalowe m'malo mwa ya kumanzere ngakhale itatembenuzidwa bwanji. M'malo mojambula kawiri, wojambula amajambula felemu imodzi ndi kugwiritsa nchito lamulo lochedwa Mirror, limene limatulutsa inzake monga mmene kalilole amaonetsera dzanja lamanja ngati lamanzere.

Pa kompyuta zonse zimaoneka bwino, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Cidutswa cimene cili pamalo oyenera sicitanthauza kuti cagwidwa pamalopo.

Mu pulogalamu ya CAD, cidutswa cosamangidwa cingathe kuyenda m'njira 6. Cingasunthe kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, m'mwamba ndi pansi, ndiponso cingazungulire m'njira zitatu. Cimene cimaciletsa ndi malamulo omangira, amene Inventor imacha constraint ndipo SolidWorks imacha mate. Lamulo limodzi linganene kuti phazi la felemu likhale pansi, lina linganene kuti bowo la thabwa liyang'anane ndi bowo la citsulo. Nzeru imeneyi si yatsopano: Ivan Sutherland anaionetsa mu 1963 pa sukulu ya MIT ku America, mu pulogalamu yake ya Sketchpad.

Vuto ndi lakuti felemu ya kumanja ingakhale yomangidwa bwino ku matabwa, koma inzake yotuluka m'kalilole siyitenga malamulo onsewo nthawi zonse. Mapulogalamu amasiyana pankhaniyi. SolidWorks imasunga Mirror ngati cinthu cokhalitsa m'pulani, motero felemu ya kumanzere imatsatira ya kumanja ikasunthidwa. Mu AutoCAD, lamulo wamba la Mirror limangotulutsa cithunzi cina cosiyana, copanda cingwe ciliconse cocimangirira ku coyambaco. Palinso mapulogalamu amene amasunga malamulo a pakati pa zidutswa zimene zatembenuzidwira pamodzi, koma amataya amene anali kuzimangirira ku zidutswa zapakati monga thabwa lolembapo.

Zotsatira zake zimaoneka pamene muyeso wasintha. Mwacitsanzo, khonsolo ingapemphe kuti desiki la mamilimita 1,100 likulitsidwe kufika pa 1,200 kaamba ka ana a sekondale. Wojambula amasunthira felemu ya kumanja kunja ndi mamilimita 50, akuyembekezera kuti inzake icita cimodzimodzi. Ngati ya kumanzere inali yosamangidwa, imatsala pamalo ake akale. Desiki limakhala la mamilimita 1,150, ndipo mabowo a thabwa amaphonya citsulo ndi mamilimita 50. Pa kompyuta yaing'ono kusiyana kotere nkovuta kukuona. Kumaonekera pamene matabwa onse abooledwa kale.

Njira imene ambiri amathamangira ndi kukhomera felemu ya kumanzere pamalo amodzi, zimene Inventor imacha Grounded ndipo SolidWorks imacha Fix. Felemuyo imalekadi kuyendayenda, koma imalekanso kutsatira inzake, motero cilema comwe cija cimabweranso muyeso ukangosintha. Kukhomera kumayenera cidutswa cimodzi cokha coyamba, cimene zina zonse zimatsamirapo.

Mankhwala eni eni ndi kuyamba ndi pakati. Pulani iliyonse ya CAD imakhala ndi makoma atatu osaoneka odutsana pa malo amodzi, amene amachedwa plane. Wojambula wosamala amaika desiki mwakuti limodzi la makomawo lidule thabwa lolembapo pakati peni peni. Akatero amamanga mafelemu awiriwo ndi lamulo lakuti atalikirane mofanana ndi khomalo, limene mu SolidWorks limachedwa Symmetric ndipo mu Inventor limachedwa Symmetry. Amisiri omanga nyumba amacita zofananazo akakoka cingwe pakati ndi kupima mbali zonse kucokera pa cingweco, osati kucokera pa khoma lina. Kutembenuza felemu potsatira mbali ya thabwa nkoopsa, cifukwa thabwalo likasinthidwa kapena kucotsedwa, maziko a Mirror amapita nalo.

Komabe kuonjezera malamulo mopyola muyeso kulinso ndi vuto lake. Felemu imene yagwidwa kale ndi Mirror ikaikidwanso malamulo ena otsutsana nawo, pulogalamu imaonetsa cenjezo la kulakwa. Mayeso osavuta ndi kukoka cidutswaco ndi mausi: cikasuntha mosayenera ndiye kuti pali lamulo losowa. Kenaka wojambula asinthe muyeso mwadala, aone ngati mbali zonse ziwiri zayenda pamodzi, ndi kuubwezeretsa.

Si zonse zimene ziyenera kulowa m'kalilole. Bawuti wamba amamanga akazunguzidwa kumanja, ndipo cithunzi cake ca m'kalilole ndi bawuti wa mazinga a kumanzere. Aliyense amene anamasulapo pedulo ya kumanzere ya njinga amadziwa kuti mazinga otere alipo, koma si amene amafunika pa desiki. Mabawuti, manati ndi matabwa ofanana mbali zonse ayenera kungobwerezedwa monga mmene alili.

Cinthu cina ndi maina. Felemu ya kumanzere iyenera kukhala ndi dzina kapena nambala yakeyake pa mndandanda wa zidutswa umene umapita kwa owocherera. Ikatenga nambala ya inzake, mndandandawo umangonena kuti mafelemu 200 a mtundu umodzi, ndipo mmisiri amene amatsatira pepala mokhulupirika amawocherera onse 200 a kumanja. Kuti theka la iwo likonzedwe, pamafunika kudula tizitsulo tonse togwira matabwa ndi kutiwochereranso mbali ina, pamene ana a ku Chama akali kulembera pa maondo.