Chiswe Chisadye Mbiri ya Fuko Lathu

M'chaka cha 1919 moto udapsereza nyumba ya Secretariat ku Zomba, ndipo pamodzi ndi nyumbayo padapsa makalata ochuluka a Boma olembedwa kuyambira mu 1891, chaka chimene dziko lino lidaloŵa m'manja mwa Angerezi. Ichi ndicho chifukwa chake ofufuza mbiri ya zaka zimenezo, kuphatikizapo nkhondo ya Mbusa John Chilembwe ya mu 1915, akhala akudalira kwambiri makalata osungidwa ku London ndi a mamishoni. Moto umenewo udali ngozi, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Koma ife tikuona kuti lero mbiri yathu ikuwonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha mphwayi, ndipo pamenepa sitinganamizire ngozi.

Nyumba yosungira zolembedwa zakale za Boma, ya National Archives ku Zomba, idayamba mu 1947 ngati nthambi ya ofesi yaikulu ya ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare. Chitaganya chitatha, idayamba kuima payokha mu 1964, ndipo mu 1975 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchito yake. M'nyumbayi muli mafayilo a maunduna, manyuzipepala ndi mabuku osindikizidwa m'dziko muno, komanso mabuku amene ma D.C. akale ankalembamo mbiri ya mafumu, malire a madera awo ndi mndandanda wa amene adaloŵapo ufumu.

Ena amayesa kuti zimenezi ndi za anthu a ku yunivesite okha. Iai ndithu. Mfumu ikamwalira, nthaŵi zambiri pamabuka mkangano wa amene ayenera kuloŵa ufumuwo. Pakati pa Acheŵa ndi Ayao ufumu umatsata kuchikazi, mwana wa mlongo wa mfumu ndiye amaloŵa, pamene kwa Angoni a ku Mzimba umatsata kuchimuna. Nkhalamba zodziŵa mibadwo ya mbumba zikatha, mboni yotsala ndi buku lija lidalembedwa kalekale. Bukulo likadyeka ndi chiswe, mlandu umagamulidwa mokomera wamphamvu ndi wandalama, mudzi nkugaŵikana.

Tikumbukirenso kuti lamulo la mu 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira silinkakakamiza anthu akuda kulembetsa. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kudakhala kokakamiza mu 2015. Tsono kwa Amalaŵi ambiri, dzina la agogo awo likupezeka m'malo oŵerengeka okha: m'kaundula wa msonkho, m'buku la ubatizo ku mishoni, kapena m'kaundula wa sukulu. Mabuku ameneŵa alibe ena oŵaloŵa m'malo.

Nanga tikuŵasamala bwanji? Taona ndi maso athu mafayilo ataunjikidwa pansi m'zipinda zodontha, ena atamangidwa ndi luzi nkuponyedwa pakona pamodzi ndi matayala akutha. Taona wantchito akung'amba tsamba la fayilo yakale kuti akulungire mandasi. Ofesi ikasamuka, mipando ndi matebulo zimaŵerengedwa mosamala, koma mapepala amasiyidwa kuti makoswe aone chochita nawo. Ngakhale makompyuta sadathetse vutoli: kalata yosungidwa m'makina a munthu mmodzi imasoŵa tsiku limene makinawo afa kapena mwiniwakeyo wapuma pantchito.

Choncho tikupempha Boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo kuti pogaŵa ndalama za chaka asamaike nyumba ya ku Zomba kumapeto. Ikufunika denga losadontha, zozimitsira moto, mankhwala ophera chiswe, antchito ophunzitsidwa bwino, ndiponso makina ojambulira mapepala okalamba kuti zojambulazo zisungidwe kumalo ena. Zimene zidachitika mu 1919 zidatiphunzitsa kuti kusunga zonse pansi pa denga limodzi nkoopsa.

Inu akuluakulu a maofesi, dziŵani kuti fayilo yotsekedwa si yanu kuti muitenthe kapena kuitaya mwakufuna kwanu. Ndi katundu wa Boma monga galimoto kapena nyumba. Lembani mndandanda wa mafayilo otere ndipo muŵatumize kwa osunga zakale, kuti iwo ndiwo asankhe oyenera kusungidwa.

Inunso aphunzitsi muli ndi mbali yanu. Malemu Samuel Ntara, amene adalemba Mbiri ya Acheŵa, adali mphunzitsi ngati inu, ndipo adayenda kufunsa akuluakulu a m'midzi. Sungani bwino kaundula wakale wa pasukulu panu. Tumani ana kuti akafunse agogo awo za mfunda wawo, kumene makolo adachokera ndi maina a mafumu a mudzi wawo, ndipo zimene abweretsezo zilembedwe m'buku lokhala pasukulupo. Ntchito imeneyi ifuna kope ndi cholembera basi, ndipo iyenera kuyamba agogowo akadali moyo.