Mlendo wa kunja akagonera kwa Msakambewa

Alendo a kutsidya kwa nyanja sanayambe lero kukwera mapiri a Dowa. Mu 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika ku Mvera, m'dera la Mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe kwa Msakambewa, kumene lero kuli sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Amishoniwo sanavutike kwambiri ndi zozolowera moyo wakumudzi. Anasankha malo okwera ndi ozizira, naumba njerwa, nadzimangira kamudzi kawokawo. Kumudzi kwenikweni ankapitako kukalalikira ndi kukayendera sukulu, kenako n'kubwerera kunyumba zawo.

Mlendo wa masiku ano amachita kugona pomwepo. Achinyamata a Peace Corps a ku America, omwe anayamba kubwera kuno mu 1963, amayamba akhala pakhomo pa munthu kumudzi pafupifupi miyezi itatu, kuphunzira chilankhulo ndi mwambo, asanatumizidwe kukagwira ntchito zaka ziwiri. Anzawo a ku Japan akhala akubwera kuyambira 1971.

Zimene amaopa akadali kwawo n'zodziwika: mdima, chimbudzi chokumba, malungo. Mdimawo ulipodi, poti kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba khumi zilizonse m'dziko muno, pafupifupi imodzi yokha ndiyo inali ndi magetsi. Koma izi zimatha msanga. Tochi, kasola kotchajira foni, neti ndi madzi owiritsa, basi nkhani yatha.

Madzi ndiye amamuphunzitsa masamu. Ku America munthu mmodzi amathera malita pafupifupi 300 patsiku pakhomo pokha, zomwe ndi ndowa 15 za malita 20. Kwa Msakambewa ndowa iliyonse imachita kuyendera. Mlendo amafika pamjigo m'mamawa n'kupeza ndowa zandanda kale, iliyonse ikusungira mwini wake malo. Akapopa, amayi amamupindira nkhata, n'kumusenzetsa awiriawiri. Pokwera chitunda madzi amakhavukira kumsana, chitenje chonse chonyowa, ana ali pambuyo kufa nazo kuseka, ndipo pofika pakhomo ndowa yatsala theka. Ikafika June, mphepo ya m'mapiri a Ntchisi ikulowa m'mipata ya bafa ya udzu, palibe amene amamuuza kuti asambe mofulumira. Amazindikira yekha kuti theka la ndowa lofunditsidwa pamafuwa limakwana munthu wamkulu, ndi kuti madzi otsukira mbale amakathirira mpiru kuseri kwa nyumba. Chomwe alendo ena amachedwa kuona n'chakuti tsiku limene iwo sanapite kumjigo, pali mtsikana wina amene wapitako kawiri.

Pa chakudya olakwa nthawi zambiri amakhala eni khomo. Mwa ulemu wawo amapha nkhuku, amamuikira mlendo nsima yakeyake m'nyumba, pampando, ndi supuni pambali, iwo n'kukadyera panja. Kwa Mchewa uku n'kulemekeza. Kwa mwana wa ku America, amene kwawo mlendo amakhala pathebulo limodzi ndi banja lonse, zimaoneka ngati amupatula. Amamasuka tsiku limene wasamba m'manja m'beseni limodzi ndi anzake, wapsa zala ndi nsima yamoto, waphunzira kuumba mbamu n'kususa nkhwani wotendera kapena mfutso wa m'chilimwe. Wa ku Japan amasowa mpunga wake, koma pa ulemu savutika: kuwerama popereka moni ndi kulandira chinthu ndi manja awiri anakula nazo.

Chovuta chenicheni ndi anthu. Ku London kapena ku Tokyo munthu amakwera sitima yodzaza osalankhula ndi aliyense, ndipo chitseko chotseka chimatanthauza kuti mwini wake asasokonezedwe. Kuno mlendo akadzitsekera masana kuti awerenge buku, pakhomo pamayamba manong'onong'o. Kodi akudwala? Kapena tamulakwira? Posakhalitsa amva "Odi, achemwali!" ndipo ndi amayi atanyamula phala. Akadutsa agogo pakhonde osaima, mbiri imafika kumsika kuti mzungu uja ngwamwano.

Maliro ndiye mayeso aakulu. Kwawo maliro ndi a banja ndi abwenzi, amakonzedwa tsiku loikika, ndipo ntchito za ena zimapitirira. Kuno akaona masamba atayalidwa pamsewu ayenera kutsika panjinga n'kuyenda wapansi. Msonkhano umene anaukonzekera sabata yathunthu wafa pomwepo, chifukwa mudzi wonse uli kusiwa, adzukulu ali kumanda. Mlendo wina amadandaula kuti Amalawi sasunga nthawi. Wochenjera amamanga chitenje, amapereka chipepeso chake, n'kukakhala pamphasa ndi amayi mpaka mwambo utatha. Ameneyo sabata yotsatira akaitanitsa msonkhano, anthu amabwera. Gule Wamkulu naye ali ndi malamulo ake. UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha dziko lonse lapansi, koma zimenezo sizipatsa munthu chilolezo chotulutsa kamera akakumana ndi chilombo panjira, kaya cholondola kumene chikulowera. Amapatuka, ndipo za zithunzi amayamba wafunsa kwa amfumu.

Pali nkhani ya ndalama imene alendo ambiri imawawawa. Amati ndabwera kudzathandiza, malipiro anga ndi ochepa, nanga bwanji aliyense akundipempha? Koma anthu akumudzi sapenya molakwika. Mlendoyo akadwala amathamangira naye ku Lilongwe, zikavuta amakwera ndege. Mnzake amene amadya naye mbale imodzi akadwala, abale amayamba kusakasaka ya kabaza. Mlendo wovomereza kusiyana kumeneku amakana zopempha mwaulemu popanda kukwiya, ndipo amadziwa pothandiza.

M'boma lomweli muli alendo a mtundu wina. Kampu ya Dzaleka, yomwe kale inali ndende ya andale, inayamba kulandira othawa kwawo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Nawo anazolowera mphepo ya Dowa, mizere ya pamjigo ndi Chichewa cha pamsika, popanda miyezi itatu ya maphunziro kapena tikiti yobwererera. Mlendo wa zaka ziwiri akayamba kudzimvera chisoni, ndi bwino akacheze kumeneko.

Inu a kwa Msakambewa, mlendo wotere akafika pakhomo panu, nkhuku iphedwe tsiku loyamba lokha. Mawa lake muyalireni mphasa panja pamene mukudyera nonse, ndipo kukagwa maliro musamusiye m'nyumba, mupite naye.