Masewera a pa intaneti omwe amapereka mphotho kwa munthu ngakhale asakusewera

Makampani opanga masewera a pa intaneti, omwe anthu zikwizikwi amasewera pamodzi nthawi imodzi, akhala akugwiritsa ntchito njira yopatsa wosewera mphotho ngakhale pa nthawi yomwe iye wazimitsa kompyuta kapena lamya yake, ndi cholinga chakuti asasiye masewerawo.

Njirayi idayamba kutchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo lero ikupezeka m'masewera ambiri a pa kompyuta ndi pa lamya za m'manja. Nkhaniyi ikukhudzanso maboma omwe amafuna kuteteza ana powerengera maola omwe mwana wakhala akusewera.

M'masewera a mtunduwu, wosewera amasankha munthu wongopeka, monga msilikali, mlenje kapena woyendetsa chombo cha m'mlengalenga, yemwe amamuyendetsa m'dziko longopekanso. Munthuyo amayamba ali wofooka ndipo amakwera mlingo akamapeza mapointi, zida ndi luso. Kuti afike pamwamba pamatenga miyezi, mwinanso zaka.

Phindu la kampani lagona pa kubwerera kwa wosewera. Masewera ena amalipiritsa ndalama ya pamwezi pomwe ena ndi aulere koma amagulitsa zinthu m'kati mwake. Kaamba ka ichi, makampani amawerengera kuti mwa anthu omwe ayamba kusewera lero, ndi angati omwe abwerenso mawa, pakatha masiku 7 komanso pakatha masiku 30.

Vuto lalikulu limakhala pa munthu yemwe ali pa ntchito kapena pa sukulu. Iye sangathe kusewera maola ambiri ngati anzake, choncho amatsalira m'mbuyo, ndipo akaona kuti sangawapezenso amagwa ulesi n'kusiya. Mphotho ya munthu yemwe sakusewera idabwera pofuna kutseka mpata umenewu.

Chilango chomwe chidasanduka mphotho

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha masewera a World of Warcraft, omwe kampani ya Blizzard Entertainment ya ku America idatulutsa mu November 2004.

Pa nthawi yoyesera masewerawa, kampaniyi idakonza zoti munthu akasewera nthawi yaitali, mapointi omwe amapeza azichepa. Osewera adadandaula kuti akulangidwa chifukwa chokonda masewera omwe akulipira. Kampaniyo idangotembenuza kafotokozedwe kake. Mapointi ochepa aja adayamba kutchedwa mapointi a nthawi zonse, ndipo ochuluka aja adasanduka mphotho ya munthu yemwe wapumula.

Malinga ndi dongosololi, wosewera akasiya msilikali wake m'nyumba ya alendo kapena mumzinda waukulu n'kuzimitsa kompyuta, akabwerera amapeza mapointi owirikiza kawiri pa chilombo chilichonse chomwe wapha, kufikira mphothoyo itatha. Mphothoyi imachuluka malinga ndi kutalika kwa nthawi yomwe munthu wapumula, koma ili ndi malire ake.

Zotsatira zake n'zakuti yemwe wajomba sabata yathunthu amabwerera akudziwa kuti pali kanthu komwe kakumudikira. Masewerawa adafika pokhala ndi anthu 12 miliyoni olipira pamwezi m'chaka cha 2010.

Luso lophunziridwa munthu ali mtulo

Kampani ya CCP Games ya mumzinda wa Reykjavik ku Iceland idapita patsogolo kuposa apa ndi masewera ake a EVE Online, omwe adatuluka m'chaka cha 2003. M'masewerawa, luso loyendetsa zombo ndi kugwiritsa ntchito zida limakwera potengera nthawi yeniyeni ya pa wotchi, kaya munthu akusewera kaya ali mtulo. Luso lina limatha m'mphindi zochepa pomwe lina limatenga mwezi kapena kuposerapo.

M'zaka zoyambirira, luso limodzi likatha, wosewera ankayenera kulowa yekha m'masewerawo kuti ayambitse lina. Osewera ena ankatchera wotchi kuti iwadzutse pakati pa usiku poopa kutaya maola. Mu March 2009 kampaniyo idalola kuti munthu azindandalika maluso oyamba m'kati mwa maola 24, ndipo m'chaka cha 2014 idachotsa malire a maolawo.

Kuti nthawi yodikirayi ndi malonda zidaonekera poyera m'chaka cha 2008, pomwe kampaniyi idaletsa kuti luso lizipitirira kukwera kwa anthu omwe asiya kulipira. M'chaka cha 2016 idalolanso kuti mapointi a luso azichotsedwa mwa munthu wina n'kugulitsidwa kwa wina, kutanthauza kuti yemwe ali ndi ndalama atha kudumpha miyezi yomwe mnzake wadikira.

Masewera odzisewera okha

Makampani a ku South Korea adabweretsa njira ina. M'masewera a Black Desert Online a kampani ya Pearl Abyss, omwe adafika ku Ulaya ndi ku America m'chaka cha 2016, wosewera atha kusiya munthu wake akuwedza nsomba usiku wonse, bola kompyuta ikhale yoyaka ndipo masewerawo akhale otsegula. Izi zimachititsa kuti m'mbali mwa nyanja ndi m'mizinda ya m'masewerawo muzioneka modzaza anthu, ngakhale ambiri mwa eni ake ali kutali ndi kompyuta.

Pa lamya za m'manja, masewera a Lineage 2 Revolution, omwe kampani ya Netmarble idatulutsa mu December 2016, amalola msilikali kuyenda ndi kumenya nkhondo yekha mwini wake akungoyang'anira. Masewerawa adapeza ndalama za dzikolo, zotchedwa won, zoposa 200 biliyoni m'mwezi woyamba.

Chodabwitsa n'chakuti maganizowa adayamba ngati nthabwala. M'chaka cha 2002, Eric Fredricksen adapanga masewera a Progress Quest pofuna kuseka masewera obwerezabwereza ntchito imodzimodzi. Munthu akangowayambitsa, amadzisewera okha popanda iye kuchitapo kanthu. Patatha zaka zosakwana 15, zomwe ankasekazo zidasanduka gwero la chuma cha makampani akuluakulu.

Chomwe chimakoka munthu

Kagwiridwe ntchito ka njirayi kakufanana ndi ka msodzi yemwe watchera mono madzulo. Ngakhale atatopa, m'mawa amalawirira kumtsinje chifukwa akudziwa kuti mwina mwalowa nsomba, ndipo akavuula amatcheranso, zomwe zimamupatsa chifukwa chobwerera tsiku lotsatira.

Chachiwiri ndi malire. M'masewera ambiri, mphotho imasiya kuchuluka pakatha maola angapo kapena chikwama cha wosewera chikadzaza. Yemwe wachedwa kubwera amamva ngati waluza, ngakhale kuti palibe chomwe walandidwa. Pa lamya za m'manja, masewerawo amatumizanso uthenga wokumbutsa kuti mphotho yakwana.

Chachitatu ndi nthawi yomwe munthu waika kale. Yemwe wakhala akukweza luso kwa zaka zitatu zimamuvuta kusiya, ngakhale masewerawo atasiya kumusangalatsa.

Pomwe njirayi idalephera

Komabe, kubwerera tsiku ndi tsiku sikutanthauza kuti munthu akhalitsa. Mu November 2014, kampani ya Blizzard idatulutsa gawo latsopano la World of Warcraft lotchedwa Warlords of Draenor. M'gawoli wosewera aliyense adapatsidwa linga lakelake ndi asilikali omwe ankawatuma ntchito zotenga maola angapo, iye n'kudzatolera katundu pambuyo pake.

Chiwerengero cha olipira chidakwera kuposa 10 miliyoni, koma pofika mu September 2015 chidatsika kufika pa 5.5 miliyoni, ndipo kampaniyo idasiya kulengeza chiwerengerochi. Zifukwa zidali zingapo, kuphatikizapo kuchepa kwa zinthu zatsopano zoti anthu achite, koma dandaulo lomwe lidamveka kwambiri lidali lakuti osewera ankangokhala okhaokha m'malinga awo m'malo moyenda ndi kukumana ndi anzawo.

Izi zidasonyeza kuti mphotho yodikira imatha kuitana munthu kwa mphindi zochepa, koma chomwe chimamusunga zaka ndi anzake omwe amasewera nawo komanso zochita zomwe zimafuna nzeru zake.

Malamulo owerengera maola

Maboma omwe adalowererapo pa nkhani ya masewerawa adayamba ndi kuchepetsa maola. M'chaka cha 2007, dziko la China lidalamula kuti mwana wosakwana zaka 18 akasewera kupyola maola atatu azilandira theka la mapointi, ndipo akapyola maola asanu asamalandire kanthu. Ili ndi ganizo lofanana ndi lomwe osewera a World of Warcraft adalikana poyamba paja.

M'chaka cha 2019 dzikoli lidaika malire a mphindi 90 pa tsiku la m'kati mwa sabata, ndipo mu August 2021 lidalamula kuti ana azisewera ola limodzi lokha, kuyambira 8 koloko mpaka 9 koloko usiku, Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi.

Dziko la South Korea lidakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2011 loletsa ana osakwana zaka 16 kusewera kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Lamuloli, lomwe linkakhudza kwambiri masewera a pa kompyuta, lidathetsedwa kuyambira mu January 2022, ana ambiri atasamukira kale ku masewera a pa lamya.

Nalo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza m'chaka cha 2019 kuti kulephera kudziletsa pa masewera otere kulowe m'ndandanda wa matenda. Malinga ndi bungweli, chizindikiro chake ndi chakuti munthu akuika masewera patsogolo pa ntchito, sukulu ndi banja, ndipo akupitiriza ngakhale akuona mavuto omwe akudza, kawirikawiri kwa miyezi 12 kapena kuposerapo.

Apa ndi pomwe kuwerengera maola kokha kumaperewera. Masewera omwe amadzisewera okha atha kutenga mphindi zisanu zokha nthawi iliyonse, koma n'kumaitana mwana kapena wogwira ntchito kakhumi pa tsiku, m'kalasi, mu ofesi ngakhalenso usiku.

Choncho adindo omwe akuunika masewera a mtunduwu, kaya pofuna kuteteza ana kaya ogula, akuyenera kufunsanso kuti masewerawo amaitana munthu kangati pa tsiku, amamutayitsa chiyani akapanda kubwera, komanso ngati kampani ikugulitsa njira yodumphira nthawi yodikira yomwe idaika yokha.