Pouma pamwamba si polimba: cenjerani ndi madamu m'nyengo ya cisanu

Mwezi wa Juni ndi wa Julaye ndiyo nyengo imene ife a kum'mawa kuno timati kwazizira. Usiku ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi mphepo imatsika kufika pafupi ndi madigiri 10, ndipo zaka zina m'madambo mumagwa cisanu cimene cimawaula matimati ndi masamba a nthoci m'madimba. Koma ngakhale kuzizire cotani, palibe nkhalamba imene inaonapo mtsinje wa Kapoche kapena wa Lupande utauma gwa ngati mwala. Ife madzi oundana timawadziwira m'firiji, m'matalala, ndi mu aisi amene ana amagula pa msika.

Nanga tsamba la za umoyo likambirenji za kuyenda pamwamba pa madzi oundana? Coyamba, m'makomboni mwathu muli mabanja amene ana ao ali pa maphunziro ku Russia kapena kumpoto kwa China, ena pa basale ya boma, monga zakhalira kuyambira masiku a Soviet Union pamene madokotala athu ena anaphunzira kumeneko. Mwana wotere adzaona mtsinje wa Volga utaundana, anzake ali kuyendapo, pamene kwao palibe anamulangizapo za ici. Caciwiri, ndipo ici ndico cacikulu, ngozi yomweyo tili nayo konkuno, kungoti ya kwathu ndi ya thope.

Mmene madzi amaundanira

Madzi ali ndi khalidwe lodabwitsa. Amalemera koposa akafika pa madigiri 4, koma akazizira kupitirira apo amayamba kupepuka, ndipo pa digiri 0 amaundana nayandama. Ndico cifukwa cace nyanja za ku maiko ozizira zimauma kuyambira pamwamba, pansi pali madzi, nsomba zili kusambira. Cimene munthu amapondapo cili ngati khungu lija limacita pamwamba pa phala likazizira.

Ku Canada ndi kumpoto kwa America anthu sayenda pa aisi mwa kungoyang'ana. Amaboola ndi kupima. Aisi woonekera mkati ngati galasi ayenera kucindikala masentimita 10 kapena kuposa kuti anyamule munthu woyenda pansi. Aisi woyera, wosakanikirana ndi cipale, mphamvu yace ndi theka cabe. Wotuwa ndiye kuti muli madzi, sapondapo. Ndiponso pa nyanja imodzi aisi salingana: pamene mtsinje ulowera, pansi pa ulalo, pafupi ndi mabango, ndi pamene mipope ya mafakitale itaya madzi, amakhala wopyapyala ngakhale maonekedwe ali amodzimodzi. M'mwezi wa Marici ndi Epulo, kukayamba kufunda, aisi amafumbwa mkati ngakhale akali wocindikala. Inu makolo, mukalankhula ndi mwana wanu pa foni muuzeni mosapita m'mbali kuti asaponde pa mtsinje woundana kupatula pamalo amene akuluakulu a mzinda anapima naikapo cizindikiro, ndipo asayese konse usiku, ali yekha, kapena atamwa mowa.

Munthu akagwera m'madzi otere, cimene cimayamba kumupha si kuzizira kwa thupi ai. Pulofesa Gordon Giesbrecht wa pa University of Manitoba anaphunzitsa anthu manambala atatu: 1, 10, 1. Mphindi imodzi yoyamba munthu amakoka mpweya mwadzidzidzi napuma mwa wefuwefu osatha kudziletsa, ndipo ngati mutu uli pansi pa madzi amakokera madziwo m'mapapo. Akapirira mphindi imeneyi, ali ndi mphindi ngati 10 zimene manja ndi miyendo zikali kumumvera. Kukomoka cifukwa ca kuzizira kumadza patapita pafupifupi ola limodzi. Motero amalangizidwa kuti ayambe wagwira mtima mpaka mpweya ukhazikike, atembenukire kumene anacokera pakuti aisi wa kumeneko unamunyamula kale, aike manja pamwamba pace, aponye miyendo ngati wosambira kuti thupi ligone, ndi kudzikoka cokwawa. Akatuluka saimirira. Amagubuduzika mpaka patali, cifukwa munthu wogona kulemera kwace kumamwazikana pamalo aakulu. Mfundo ya kugona imeneyi muisunge.

Aisi wa kwathu ndi thope

Kuyambira Juni madzi a m'madamu amayamba kuphwa. Damu limene lakhala zaka zambiri losakumbidwa limadzala ndi dothi lokokoloka kucokera m'minda, ndipo madzi akabwerera m'mbuyo amasiya bwalo la thope. Dzuwa limaumitsa pamwamba, pamang'ambika ming'alu, mbuzi ndi ana aang'ono amayendapo bwinobwino. Koma pansi pa khungu louma limenelo thope likali lamadzi, penapake lakuya kupitirira msinkhu wa munthu. Aciweta amadziwa bwino za ici cifukwa ng'ombe zimatitimira pamene zilondola madzi. Mnyamata wa kubusa akaona ng'ombe ya atate wace yatitimira amathamangira komweko kuti akaikoke, poopa kukalipiridwa kunyumba, ndipo naye amalowa. Caka ca cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse m'mwezi wa Febuluwale, madamu ambiri anaphwa msanga, ndipo anthu anali kuyenda mtunda pa thope lotere kuti afike pa madzi otsala, ena nakumba zitsime zakuya m'mcenga wa m'mitsinje, zimene makoma ace amagumuka mosacenjeza.

Palinso udzu woyandama m'mbali mwa madamu ndi m'madambo akuya. Mizu yace imalukana ngati mphasa, pamwamba pali msipu wobiriwira, pansi pali madzi. Ukapondapo pansi pamagwedera ngati matiresi. Kugwedera kumeneko ndilo cenjezo, bwererani njira yomwe mwadzera. Woboola udzu wotere amalowa pansi pace, ndipo potulukira sapaona, cimodzimodzi ndi wogwera pansi pa aisi.

Mukatitimira m'thope musalimbane nalo. Kukoka mwendo umodzi mwamphamvu kumakankhira winawo pansi. Tayani katundu, gonani cagada mutatambasula manja, ndipo sunthani miyendo pang'onopang'ono kuti madzi alowe m'mbali mwace ndi kuimasula. Nsapato kapena jombo zikatsalira, zisiyeni. Mukamasuka kwawani kapena gubuduzikani kubwerera kumene munacokera. Wothandiza asayende kupita kwa wotitimira. Agone camimba pouma, amupatsire nsungwi, cingwe, goli la ng'ombe kapena zitenje zolumikiza. Ngati ndi patali ayale citseko, matabwa kapena nthambi zamasamba ndi kukwawa pamenepo. Kukoka munthu ndi ng'ombe kapena galimoto ndi koopsa, thope limagwira zolimba ndipo mfundo za miyendo kapena msana zingathe kuguluka.

Madzi a m'madamu athu safika pa kuzizira kwa ku Russia, komabe madzi amacotsa kutentha m'thupi mofulumira nthawi 25 kuposa mpweya. Mwana woonda amene wakhala ola lathunthu m'thope usiku wa Julaye, kapena msodzi amene waviika thupi m'mamawa ali kukoka ukonde, akhoza kufika ku cipatala thupi litatsika pansi pa madigiri 35, pamene lifunika kukhala pa 37.

M'komboni mwathu momwe

Ena anganene kuti ife a m'tauni damu lili kutali. Koma nyengo ino ndiyo youmba njerwa, ndipo dzenje lililonse limene likumbidwa lero kuseri kwa nyumba lidzakhala dziwe mvula ikagwa mu Disembala. Onjezanipo maenje a zimbudzi osamalizidwa, zitsime za pakhomo zovundikira ndi lata lakale kapena thabwa lofumbwa, ndi migodi ya miyala ndi mcenga. Civundikiro cowola n'coipa kuposa citsime cosavundikira, pakuti mwana amapondapo ndi mtima wonse.

Bungwe la za umoyo la dziko lonse la WHO linawerenga kuti m'caka ca 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa ndi kumira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosafika zaka 5. Caka comweco bungwe la United Nations linapatula 25 Julaye kukhala tsiku lokumbutsana za kupewa kumira. Mwana wa caka cimodzi mutu wace ndi wolemera. Akasuzumira m'ndowa kapena m'bafa amagwera camutu ndipo satha kudzidzutsa, ngakhale madzi ali masentimita ocepa. Sakuwa, sathibula madzi monga tionera m'mafilimu. Amai angakhale ali pafupi pomwepo ali kuyanika zovala osamva kanthu. Ndipo kusiyira khanda mwana wa zaka 7 kuti ndiye mlezi, kumene timacita tonse tikapita ku msika, sikuchinjiriza aliyense wa awiriwo.

Gulu lina lofunika diso ndi odwala khunyu. Ofufuza a pa University of Zambia anapeza kuti m'midzi ya ku Katete njoka za m'mimba zocokera ku nkhumba n'zofala, ndipo mazira ace akalowa m'thupi ana a njokazi angakhale mu ubongo ndi kuyambitsa khunyu. Wodwala khunyu mpata wace womira ndi woposa kakhumi poyerekeza ndi anthu ena. Asapite yekha ku citsime kapena ku damu, asambe ndi kapu m'malo molowa m'madzi, ndipo asadumphe mankhwala. Akagwa m'madzi mugwireni, mum'tulutse. Khunyu sapatsirana, ngakhale thovu lace likukhudzeni.

Mukamuvuula, citani izi

Apa ndi pamene ife a ku cipatala timadandaula kwambiri. Nthawi zambiri munthu akavuulidwa khamu limam'zungulira, amai ayamba kulira, wina am'funda citenje kumaso, onse ali kudikira apolisi poopa kukhala mboni. Ubongo ukasowa mpweya mphindi 4 kufikira 6 umayamba kuonongeka. Galimoto ya apolisi ngakhale ambulansi singafike m'mphindi zimenezo, wopulumutsa ndi inu amene muli pomwepo, ndipo kuyesa kupulumutsa moyo si mlandu.

Mugonekeni cagada pamalo olimba. Pendeketsani mutu cam'mbuyo, kwezani cibwano, cotsani thope kapena udzu umene muuona m'kamwa, ndipo yang'anani cifuwa kwa masekondi 10. Ngati sapuma, tsinani mphuno, ikani pakamwa panu pakamwa pace ndi kuuzira kasanu, muli kuona cifuwa cikukwera. Kenaka sindikizani pakati pa cifuwa ka 30, mwamphamvu ndi mofulumira, pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse, muuzirenso kawiri, ndi kubwereza motero osaleka. Kwa munthu wamkulu gwiritsani manja onse awiri, cifuwa cilowe masentimita 5. Kwa mwana dzanja limodzi. Kwa khanda zala ziwiri, ndipo pouzira pakamwa panu paphimbe mphuno ndi kamwa pamodzi. Akasanza, m'tembenuzireni cam'mbali, pukutani, pitirizani. Wina athamange kukafuna galimoto pamene inu muli kugwira nchitoyi, ndipo mukatopa landizanani.

Cizolowezi cozondotsa mwana miyendo m'mwamba, kum'zunguza, kapena kum'ponda pamimba kuti madzi atuluke cileke. Madzi amene amatuluka motero ndi a m'mimba, si a m'mapapo, ndipo masanziwo amabwerera kukatseka njira ya mpweya pamene mphindi zili kutha.

Musafulumirenso kunena kuti wapita cifukwa thupi lazizira. M'caka ca 1999 ku Norway, dokotala wina wamkazi, Anna Bågenholm, anagwera pansi pa aisi mumtsinje nakhalamo mphindi 80. Mtima unaima, thupi linatsika kufika madigiri 13.7, koma anzace sanaleke kum'sindikiza cifuwa ndi kum'patsa mpweya mpaka ku cipatala ca ku Tromsø, kumene anam'tenthetsa magazi ndi makina. Anacira nabwerera pa nchito. Kuzizira kwakukulu kotero kunachinjiriza ubongo wace, ndipo madzi athu safika pamenepo, tisanamizane. Komabe wonena kuti munthu wamwalira akhale wa cipatala, osati khamu la pa damu.

Akayamba kupuma, m'gonekeni cam'mbali, m'vuleni zonyowa, m'pukuteni ndi kum'funda bulangeti mpaka kumutu. Khanda liikeni pa cifuwa ca amace khungu kwa khungu, monga ticitira ndi ana obadwa masiku osakwana. Musam'tikite manja ndi miyendo, musamuike pafupi kwambiri ndi moto cifukwa khungu lozizira limapsa mwiniwace osamva, ndipo mbaula m'nyumba yotseka ndi imfa ina payokha. Kacasu sapatsa. Amamvetsa kufunda pakhungu pamene kutentha kwa mkati kuli kutayika. Tiyi wa shuga ndi wabwino, koma kwa yekhayo amene watsitsimuka bwino ndipo atha kumeza.

Aliyense amene anakomoka m'madzi, kapena amene ali kutsokomola, kupuma mofulumira, kutuluka thovu kapena kuodzera atavuulidwa, apite ku cipatala tsiku lomwelo ngakhale aoneke ngati wacira: a ku Katete ku St Francis, a ku Sinda ku Nyanje, a ku Vubwi ku cipatala ca pa boma, kapena ku kiliniki iliyonse imene ili pafupi kuti akakutumizeni. Madzi amatope akalowa m'mapapo amatupitsa mkati mwace pang'onopang'ono, ndipo vuto lingaonekere patapita maola angapo, kapena cibayo patapita masiku. Ndico cifukwa cace timam'sunga maola 6 kufikira 8 tili kupima kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi tisanam'lole kubwerera kunyumba. Mukafika, uzani anamwino nthawi imene anakhala m'madzi, ngati anali madzi a m'damu, a m'citsime kapena a m'cimbudzi, ndiponso ngati amamwa mankhwala a khunyu.