Logo yosinthasintha ikukuthawitsirani makasitomala

Mukatsika minibasi ku Limbe kapena pa depoti ya Lilongwe, simuchita kuwerenga chikwangwani kuti mudziwe potapa ndalama. Pofiira ndi pa Airtel Money, pobiriwira ndi pa TNM Mpamba, basi. Ngakhale ku mpira, ofiira ndi a Bullets, a buluu ndi a Wanderers. Diso limayamba lagwira mtundu, kuwerenga kumabwera pambuyo.

Nanga geni yanu ija ya makeke, ya kaunjika kapena ya salon? Pa Facebook logo ndi ya pinki, pa WhatsApp status ndi yachikasu, chikwangwani cha pashopu chili ndi zilembo zina, sitika ya pa paketi nayonso zake. Kasitomala amene anakuonani dzulo pa intaneti akafika pakhomo panu amayamba kukayika ngati ndinu nomwe. Munthu wokayika satumiza ndalama.

Vuto lina ndi la akuba. Amatsegula tsamba m'dzina la bizinesi ya eni, n'kumauza anthu kuti atumize kaye dipoziti. Ngati inuyo mumasintha maonekedwe sabata iliyonse, makasitomala anu adziwa bwanji kuti tsamba ili ndi lachilendo?

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Sankhani logo imodzi, muisunge ngati fayilo ya PNG. Musamagwiritse ntchito screenshot, imatuluka yachimbuuzi. Potumiza kwa wosindikiza pa WhatsApp, itumizeni ngati document chifukwa zithunzi wamba WhatsApp imazifinya. Ndipo musaikoke kuti ikwane pa poster mpaka bwalo kusanduka dzira.

Mitundu ikhale iwiri kapena itatu. Kungouza wopanga poster kuti "ndikufuna yofiira" sikokwanira, kufiira kulipo kwamitundumitundu. Mtundu uliwonse pa kompyuta uli ndi kodi yake, mwachitsanzo #FF0000 ndi kufiira kwenikweni. Lembani makodi anu penapake, mudzimupatsa aliyense wokupangirani zinthu. Dziwaninso kuti foni imaonetsa mitundu ndi kuwala pomwe makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki, ndiye zimasiyanako. Muuzeni asindikize imodzi kaye muione, asanatulutse masitika 500.

Ma font awiri akukwanirani: ina ya mitu, ina ya mawu ena onse monga mitengo. Zilembo zopotanapotana zija zimakongola, koma ngati munthu akulephera kuwerenga mtengo pa foni yaing'ono, wadutsa ameneyo.

Tisanamizane, logo yokha siingamuletse wakuba, naye atha kuikopera. N'chifukwa chake nambala yanu yolandirira ndalama izikhala imodzimodzi ndipo izioneka pamalo amodzimodzi pa post iliyonse. Anthu akaizolowera, tsiku limene aone nambala yachilendo pansi pa logo yanu adzayamba akuimbirani asanatumize kalikonse.

Lero lomwe, tsegulani Facebook, WhatsApp ndi TikTok yanu, muyerekeze ndi chikwangwani cha pashopu. Zikuoneka ngati za munthu mmodzi?